Kodi timasingano ta ku China tingachize maganizo kwa Katunga?

Kwa Katunga munthu sapita kuchipatala kukanena kuti wakhumudwa. Amakanena kuti mutu ukumuwawa tsiku lililonse, mtima ukuthamanga, thupi laphwanya, tulo sitikubwera, nsima ikukanika kulowa. Adokotala amamubaya chala kuyeza malungo, kachipangizo n'kuonetsa mzere umodzi. Amamulembera Panado, mwina ndi Brufen, n'kumuuza akapume. Pakatha milungu iwiri wabweranso, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, madandaulo ndi omwe aja. Zenizeni zimatuluka pokhapokha wina akhale naye pansi osayang'ana wotchi. Pamenepo ndiye amati: "Ndi maganizo, achimwene. Madzi adatenga chimanga, mbuzi zidapita, ndipo ku banki mkhonde akundidikira Lachisanu."

Izi si zongopeka. Mu 2014 Michael Udedi adasindikiza kafukufuku amene adachita pa chipatala chaching'ono cha Matawale ku Zomba. Adapeza kuti pafupifupi 30 mwa odwala 100 alionse obwera kudzaonana ndi adokotala anali ndi matenda okhumudwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ogwira ntchito pachipatalapo adamuzindikira. Ku Machinga, Dr Felix Kauye ndi anzake ataphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za matenda a maganizo, chiwerengero cha opezeka ndi kukhumudwa chidakwera, cha olembedwa kuti ali ndi malungo n'kutsika. Malungo ena aja sanali malungo. Ngati zinali choncho ku Zomba ndi ku Machinga, nanga kuno ku Chikwawa, kumene madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adatsatizana osapatsa anthu mpata wopuma?

Mumpata woterewu mumalowa aliyense wobwera ndi lonjezo. Malonda a mankhwala a ku China adafika kale m'matauni mwathu, ndipo pa WhatsApp ndi Facebook amafika ngakhale m'mudzi mosafika galimoto. Chikhazikitsireni Malawi ubale ndi boma la Beijing kumapeto kwa 2007, magulu a madokotala a ku China akhala akubwera kudzagwira ntchito pa zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Mzuzu Central. Abale athu a ku Joni adaziona zipinda zobayira masingano m'matauni a kumeneko. Sipatenga nthawi, wina adzachita lendi kachipinda pa Dyeratu kapena pa Nchalo n'kulemba pachitseko kuti amachotsa nkhawa ndi kusowa tulo pogwiritsa ntchito masingano ndi moto, ndipo anthu adzapita. Katunga si dera loopa zachilendo. Katunga mwiniwake adali Mkololo wobwera ndi David Livingstone, ndipo m'zaka za m'ma 1880 padoko la kwa Katunga ndi pomwe sitima za pamadzi za kampani ya Mandala zinkatsitsa katundu wokwera mapiri kupita ku Blantyre. Ndi bwino tiikambe nkhaniyi kachipindako kasanatsegulidwe.

Njirayi azungu amaitcha acupuncture. Wodwala amagona chagada pabedi. Sing'anga amayamba wamugwira pamkono kumva kugunda kwa mtsempha, n'kuyang'ana lilime, n'kufunsa za tulo, za kudya, za kuchimbudzi ndi zimene zikumusautsa. Kenaka amang'amba kapepala komata n'kutulutsa singano yopyapyala kwambiri kuposa ya jekeseni, yopanda bowo, yosalowetsa mankhwala alionse m'thupi. Pa matenda a maganizo, malo amene amakonda kubaya ndi paliwombo, pakati pa nsidze, mkati mwa mkono cha pomangira wotchi, ndi pamwamba pa phazi pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri. Amaipotokola pang'ono mpaka wodwala amve dzanzi kapena kulemera pamalopo, n'kuisiya mphindi 20 kapena 30. Mnzake wa singano ndi moxa. Awa ndi masamba ouma a chitsamba cha mtundu wa Artemisia, osinjidwa mpaka kufewa. Amawapichira kukhala ndudu yaikulu, n'kuyatsa nsonga, n'kuiyandikitsa pakhungu osakhudza mpaka pamalopo pafunde bwino. Ena amaumba kachulu kakang'ono ka masambawo, n'kukaika pakachidutswa ka jinja kapena pakhungu penipeni, n'kuyatsa.

Eni ake amafotokoza kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, yomwe ili ndi misewu yake, ndipo munthu akakhumudwa ndiye kuti mphamvuyo yatsekeka, kawirikawiri ya m'chiwindi. Singano imatsegula, moto umafunditsa. Maganizowa ndi akale. Ali kale m'buku la Huangdi Neijing lomwe lidalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Akatswiri openda thupi la munthu adapeza mitsempha ya magazi ndi minyewa, koma misewu ya qi sadaipeze. Amalonda amakonda kutchula kuti mu 2010 bungwe la UNESCO lidaika masingano ndi moxa pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Ndi zoona. Pamndandanda womwewo pali Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa, ngakhale nsima yathuyi idalowapo mu 2017. UNESCO imasunga chikhalidwe, siyeza mankhwala.

Komabe amene amaikira kumbuyo masingano ali ndi mfundo zomwe sitingazitaye ndi nthabwala. Mu 2013 Hugh MacPherson ndi anzake a pa yunivesite ya York ku England adatenga anthu 755 odwala matenda okhumudwa n'kuwagawa patatu mwa maere. Onse ankapitiriza kuonana ndi madokotala awo, koma gulu lina lidaonjezeredwa masingano, lina uphungu, lachitatu osaonjezeredwa kanthu. Patatha miyezi itatu, a masingano anali atapezako bwino kuposa a gulu lachitatu. Mu 2018 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa zamankhwala n'kumupima mosanyengerera, lidaunika mapepala a kafukufuku 64 okhudza anthu 7,104. Lidapeza kuti obayidwa masingano amaoneka kupepukidwa poyerekeza ndi amene sadalandire chithandizo chilichonse kapena amene adangolembedwa pamzere wodikira. Choncho wonena kuti anthu sapeza bwino akabayidwa akunama. Amapeza bwino ndithu.

Mfundo ina ndi yoti pa kukhumudwa kwapang'ono, mapiritsi si yankho loyamba. Malangizo a bungwe la WHO otchedwa mhGAP amati munthu wokhumudwa pang'ono asayambe n'kupatsidwa mankhwala ochepetsa kukhumudwa, ndipo ku England malangizo a NICE a mu 2022 akunena zofanana. Mankhwala amene zipatala zathu zimadalira, amitriptyline ndi fluoxetine, amathandiza kwambiri munthu amene matenda amukulira. Amitriptyline amaumitsa kukamwa, amagonetsa masana, ndipo munthu akamwa ambiri nthawi imodzi amatha kufa, zomwe n'zoopsa m'manja mwa munthu amene wataya mtima. Tsono ngati mapiritsi si oyamba, choyamba n'chiyani pa chipatala chaching'ono cha kumudzi? M'mabuku amati uphungu. Pachipatala penipeni pali kilinikala mmodzi, mzere wofika panja, ndi mphindi zochepa kwa wodwala aliyense. Anamwino ophunzira za matenda a maganizo alipo pa zipatala za m'maboma, koma nthawi yawo yambiri imathera pa khunyu ndi pa odwala amene abwera atamangidwa zingwe, kapena amawatumiza kukathandiza m'mawodi ena. Wokhumudwa pang'ono, amene akulimabe ndi kuphika koma moyo sukumukomera, alibe khomo lake. Wa masingano akabwera n'kunena kuti iye ali nalo khomo, tidzamuyankha chiyani?

Mfundo imene ineyo ndimaiona yolemera koposa ndi ya manyazi. Kwathu kuno kungotchula "Zomba" pankhani ya matenda, aliyense amadziwa kuti ukunena Zomba Mental Hospital, ndipo palibe amene amafuna dzina lake liyandikire kumeneko. Bambo wodula nzimbe ku Kasinthula sangakhale pansi n'kumalira pamaso pa mlendo. Koma kukabayitsa singano chifukwa cha mutu ndi msana angapite masana dzuwa likuswa mtengo, anzake n'kumamufunsa ngati zikuthandiza. Anthu athu amakhulupirira chithandizo chokhudza thupi. Alipo ambiri amene amabwerera kuchipatala ali okwiya chifukwa adapatsidwa mapiritsi m'malo mwa jekeseni. Ndipo yang'anani nkhope za akuluakulu a m'chigwa chino: m'mbali mwa mutu mwa ambiri muli timizere tiwiri titatu ta mphini. Mutu ukavuta, agogo ankatenga lezala, n'kutsina khungu, n'kutema, n'kupakapo mankhwala akuda otentha pamoto. Kwa munthu amene adakula akuona zimenezi, kuboola khungu kuti matenda achoke si nkhani yofuna kumufotokozera. Singano ikhoza kukhala khomo lomwe amuna, amene malipoti a apolisi amaonetsa kuti ndiwo ambiri mwa odzipha m'dziko muno, angalowere osachita manyazi.

Ndiye vuto lili pati? Lili pa funso lakuti chikuchiritsa n'chiyani.

Ofufuza adapeza njira yoyesera zimenezi. Mu 1998 dokotala wa ku Germany, Konrad Streitberger, adapanga singano yabodza. Imaoneka ngati yeniyeni, wodwala amaimva ikumugwira, koma m'malo moboola khungu imabwerera m'chigwiriro chake. Ena amabaya ndithu koma pamalo olakwika dala, pomwe mabuku a ku China satchula. Masingano enieni akayerekezedwa ndi abodzawa, kusiyana kumachepa kwambiri. A Cochrane aja adapeza kusiyana kwakung'ono, n'kuchenjeza kuti umboni wake ndi wofooka. Kafukufuku wa ku York analibe gulu la singano yabodza, choncho sangatiuze ngati idagwira ntchito inali singanoyo. Zimene amatiuza ndi zina, zomwe amalonda satchula: a uphungu nawo adapeza bwino, panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa iwo ndi a masingano, ndipo pofika miyezi 12 gulu lachitatu lija linali litawayandikira onse.

Taganizirani zimene wodwala amalandira m'chipinda cha masingano. Munthu wovala zoyera amamufunsa mafunso mosathamanga, amamugwira dzanja, amamugoneka pamalo abata theka la ola popanda mwana womulirira kapena wangongole pakhomo, n'kumuuza kuti adzabwerenso mlungu wamawa chifukwa achira. Kwa mayi wa kwa Katunga amene chibadwire palibe adamufunsapo kuti "Mukugona bwanji masiku ano?", zimenezi zokha ndi mankhwala, ndipo sindikunena monyoza. Kupepukidwa kwake ndi kwenikweni. Koma ngati chogwira ntchito ndi nthawi, kukhudzidwa ndi chiyembekezo, ndiye kuti tikulipira singano pomwe katundu weniweni ndi khutu.

Palinso nkhani ya komwe umboni ukuchokera. Ambiri mwa mapepala 64 aja adachokera ku China. Mu 1998 Andrew Vickers ndi anzake adawerenga kafukufuku wa masingano wochokera m'maiko osiyanasiyana n'kupeza kuti yense wochokera ku China, Japan, Hong Kong ndi Taiwan ankati njirayi ikugwira ntchito. Panalibe ngakhale pepala limodzi lotsutsa. Palibe mankhwala padziko pano amene amapambana mayeso onse, ndiye zikatero munthu amaganiza kuti zolephera zinkasiyidwa m'madirowa. Onjezerani apo kuti kukhumudwa kwapang'ono nthawi zambiri kumatsika kokha pakapita miyezi, makamaka zinthu zikasintha pakhomo. Munthu amapita kukafuna thandizo pamene zafika poipa, ndipo kuchokera pamenepo ambiri amayamba kupezako bwino kaya alandire chiyani. Zili ngati chimfine: chimatha chokha, koma ulemu umapita kwa mankhwala amene munthu adamwa komaliza. Wobayidwa mu Febuluwale, nthawi ya njala, akamamva bwino mu Meyi nkhokwe ili ndi kanthu, tithokoze singano kapena mapira?

Pa moxa umboni ndi woonda kuposa pamenepo, ndipo n'kovuta kupanga moto wabodza woti wodwala asauzindikire. Ku Africa kuno njirayi idayesedwapo ndi bungwe la ku Britain lotchedwa Moxafrica, mogwirizana ndi yunivesite ya Makerere ku Uganda, koma anali odwala chifuwa chachikulu amene ankamwanso mankhwala awo a kuchipatala, osati okhumudwa. Ubwino wake ndi woti moxa ndi wotsika mtengo ndipo munthu angaphunzire kudziyatsira yekha. Kuipa kwake ndi utsi ndi zilonda. M'nyumba zathu muli kale utsi wa nkhuni, mphumu ndi chifuwa. Wodwala shuga amene mapazi ake adachita dzanzi sangamve kuti akupsa, ndipo bala la wodwala shuga silipola msanga. Mwa chiphunzitso cha eni ake, moxa ndi wa matenda obwera ndi kuzizira. Ndingakonde kuona nkhope ya munthu wa ku Ngabu akuuzidwa mu Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40, kuti vuto lake ndi kuzizidwa.

Wina adzati ndikunyoza nzeru za ku China chifukwa si za azungu. Ayi. Aliyense wa m'chigwa chino amene adamwapo mankhwala a malungo a LA ali ndi ngongole kwa asing'anga akale a ku China. Mankhwala a artemisinin, omwe ndi msana wa LA, adawapeza Tu Youyou ndi anzake m'chitsamba cha Artemisia annua, chachibale ndi cha moxa, atawerenga mabuku akale a kwawo, ndipo mayiyu adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Koma chitsambacho sichidalowe m'zipatala zathu chifukwa ndi chakale. Chidalowa chifukwa chidayesedwa m'magazi a odwala, tizilombo ta malungo n'kuoneka tikufa. Ndi muyeso womwewo umene udachititsa Malawi kusiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar, kenaka kusiya Fansidar mu 2007 n'kuyamba LA. Muyesowo suyang'ana pasipoti. Masingano pa matenda okhumudwa adaikidwa pa sikelo imeneyi, ndipo mpaka pano kulemera kwake n'kochepa.

Tibwere kwa Katunga penipeni, chifukwa zimene zimatheka ku York sizitheka zonse kuno. Odwala a ku York ankaloledwa kubayidwa mpaka maulendo 12. Kwa munthu wa kumudzi, maulendo 12 ndi ndalama za kabaza kupita ndi kubwera maulendo 12, ndi masiku 12 osapita kuganyu kapena kudimba, osawerengera malipiro a sing'angayo. Ngati chomudetsa nkhawa munthuyo ndi ngongole, ndiye kuti tamuonjezera matenda pomuchiza. Wobaya wodziwa ntchito amaphunzira zaka, ndipo munthu wotero sakhala pa Dyeratu, amakhala ku Blantyre komwe kuli olipira bwino. Wotsalira kumudzi ndi uja adaonera pa YouTube.

Apa ndi pomwe mantha anga ali. M'manja mwa katswiri wogwiritsa ntchito masingano atsopano, ngozi zazikulu sizichitikachitika; kawirikawiri ndi kutuluka timagazi, kutupa pang'ono kapena chizungulire. M'manja mwa wophunzira theka ndi nkhani ina. Singano yolowa kwambiri pachifuwa kapena pamsana imaboola mapapo, ndipo munthu wotero afunika chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Montfort ku Nchalo ola lomwelo, osati mawa. Ndipo singano ikamagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, chiyeso chopukuta ndi sipiriti n'kubayanso wina chidzakhalapo. HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B amayenda m'njira yomweyo. Zidatitengera zaka zambiri kuphunzitsana kuti aliyense azipita ndi lezala lake kwa sing'anga. Sitingayambirenso phunziro lomwelo ndi masingano. Ku South Africa wobaya masingano ayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council. Kuno, Medical Council of Malawi, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, ndiyo imayang'anira ochiza anthu, ndipo iyenera kunena momveka, m'Chichewa ndi pawailesi, kuti woyenera kubaya munthu singano zoterezi ndani.

Ngozi ina siyituluka magazi. Ndani adzanena kuti kukhumudwa kwa munthuyu n'kwapang'ono? Kufooka, kuonda ndi kusowa chilakolako cha chakudya kungakhale kuchepa kwa magazi, chifuwa chachikulu, shuga kapena HIV. Munthu amene akumwetulira pabedi la masingano akhoza kukhala atagula kale mankhwala ophera tizilombo. Mayi amene akuti mutu ukumuwawa mwina akumenyedwa usiku uliwonse. Mafunso osiyanitsira zimenezi alipo, ndipo ena monga PHQ-9 ndi SRQ-20 adamasuliridwa kale m'Chichewa n'kuyesedwa kuno ku Malawi. Amene sadaphunzire kuwafunsa adzabaya paliwombo miyezi itatu matenda enieni akukula.

Ndikadakhala wofewa pa masingano kukadakhala kuti palibe china chopatsa anthu. Koma chilipo, ndipo chidabadwira kwa anansi athu. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, adayamba ku Mbare mu Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench. Adaphunzitsa agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu, kumuthandiza kusanja mavuto ake, kusankhapo limodzi lotheka, n'kupangana chochita mlungu umenewo. Palibe amatchula misala. Amakamba za kuganiza kwambiri, monga momwe timanenera ifenso. Mu 2016 magazini ya zamankhwala ya JAMA idasindikiza zotsatira za anthu 573 a m'zipatala 24 za mu Harare. Patatha miyezi 6, pafupifupi 14 mwa 100 alionse amene adakhala pabenchi anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene sadakhalepo anali pafupifupi theka. Njirayi yayesedwa kale m'zipatala zina za boma kuno ku Malawi pakati pa odwala shuga, BP ndi HIV. Sifuna katundu wa padoko la Beira. Ifuna benchi, mthunzi, maphunziro a milungu yochepa, woyang'anira wodziwa ntchito, ndi kangachepe koti wokhala pabenchiyo asamagwire ntchito ndi njala. Alangizi a zaumoyo tili nawo m'midzi, amayi a mvano ndi a chigwirizano tili nawo m'mipingo.

Benchi nayo ili ndi zofooka zake, ndipo sitiyenera kuzibisa. Kafukufuku wake analibenso benchi yabodza. M'mudzi momwe aliyense ndi mbale wa mnzake, chinsinsi n'chovuta, ndipo mayi sangaulule za m'nyumba kwa agogo amene ndi azakhali a mwamuna wake. Amuna sabwera mwaunyinji ngati amayi. Pamenepa a masingano akundipambana, ndipo ndikadakhala ndi mphamvu ku Kamuzu University of Health Sciences ndikadafuna kuti funsoli liyesedwe kuno: tengani amuna a m'minda ya nzimbe, ena pabenchi pokha, ena masingano enieni, ena abodza, tione amene akubweranso ndi amene akuchira. Mpaka zimenezo zitachitika, khomo la amuna tingalitsegule ndi zinthu zomwe tili nazo kale. Kuyeza BP ndi shuga pabwalo la mpira kapena pamalo olandirira malipiro, n'kuphatikizapo mafunso awiri atatu a tulo ndi maganizo, kumakhudzanso thupi ndipo sikuchititsa manyazi.

Pomaliza pali chinthu chomwe singano, benchi ndi piritsi zonse sizifikapo. Kafukufuku wa ku Zomba wa Sarah Baird ndi anzake adaonetsa kuti atsikana a sukulu amene mabanja awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi adachepa nkhawa, ndipo ndalama zitasiya, phindu lija lidazilala. Ku Salima ndi ku Mangochi, achinyamata a m'mabanja olandira Mtukula Pakhomo adapezeka ndi zizindikiro zochepa za kukhumudwa. Kwa munthu amene chaka chilichonse amayang'ana mitambo ya kumapiri a Thyolo ndi mantha, khoma lotchinga madzi lomangidwa bwino, chenjezo lofika nthawi yake ndi malo okwera oti asamukireko ndi chithandizo cha maganizo chimodzimodzi. Kumuuza kuti vuto lake ndi qi ya m'chiwindi ndi kumuchotsa maso pa mitsinje ya Shire ndi Mwanza.

Chigamulo changa n'chotere. Masingano ndi moxa zisaletsedwe; wamkulu amene ali ndi ndalama zake, wayezetsa kuchipatala, ndipo akufuna kuyesa, ayese. Koma ndalama ya boma kapena ya mabungwe, yomwe ndi yochepa kale pa matenda a maganizo, isapite kumeneko umboni uli chonchi. Ipite kophunzitsa omvetsera, kosunga fluoxetine m'mashelefu a zipatala kwa amene matenda awakulira, ndi kothira mafuta galimoto yoti namwino wa matenda a maganizo azifika m'zipatala zing'onozing'ono mwezi uliwonse. Mafumu ndi khonsolo ya Chikwawa asalole kachipinda kaja kutsegulidwa mwini wake asadaonetse chiphaso.

Inu owerenga, mukaganiza zopita kukabayitsa, yambani mwayezetsa magazi, shuga ndi HIV. Funsani chiphaso. Onetsetsani kuti singano iliyonse yatuluka m'pepala lomata inu mukuona, ndipo yatayidwa inu mukuona. Musasiye ma ARV kapena mankhwala ena alionse a kuchipatala chifukwa wina wakuuzani kuti singano ikwanira. Pakatha mwezi osasintha, bwererani kwa adokotala mukawauze mosabisa kuti ndi maganizo. Ndipo m'bale wanu akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, kapena kugawa katundu wake popanda chifukwa, imeneyo si nkhani ya masingano. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala ophera tizilombo m'nyumba, mupite naye ku chipatala cha boma cha Chikwawa tsiku lomwelo.